Mabuleki akumbuyo a BMW E30: kodi ndiike akuluakulu?

Funso lochokera kwa bambo wina wa ku Salima: "Ndili ndi BMW E30 ya 1989 imene inatuluka ku fakitale ngati 318i, koma amene anandigulitsa anaikamo injini ya 325i. Kumbuyo idakali ndi mabuleki a diramu. Ndikamachokera ku Lilongwe, ndikangodutsa Mvera n'kuyamba kutsika, buleki imayamba kufewa ndipo ndimamva fungo la chinthu chopsa. Ndaona pa Facebook munthu wa ku Johannesburg akugulitsa madisiki akuluakulu ndi makalipa a mapisitoni anayi oika kumbuyo. Kodi ndigule? Ngati ayi, ndichite chiyani?"

Bambo, ndakondwa kumva kuti ku Salima kudakali E30 yoyenda, chifukwa magalimoto amenewa, omwe BMW inapanga kuyambira 1982 mpaka 1994, ambiri anathera kuseri kwa magalaja chifukwa chosowa wowasamala. Yankho langa lachindunji ndi lakuti makalipa a ku Johannesburg aja musagule. Kuchotsa madiramu n'kuika madisiki kumbuyo ndi ntchito yabwino ndipo ndikuivomereza, koma madisiki oyenera galimoto yanu ndi aja amene 325i inabadwa nawo, osati okulirapo. Komanso ntchitoyi siyenera kukhala yoyamba, chifukwa vuto limene mukulimva potsika ku Mvera gwero lake silili kumbuyo.

Tiyambe ndi zimene zimachitika mukaponda buleki. Aliyense amene ananyamulapo thumba la chimanga kumbuyo kwa pikiapu osalimanga amadziwa kuti woyendetsa akaima mwadzidzidzi thumbalo limathamangira kutsogolo. Galimoto yonse imachita chimodzimodzi: mphuno imagwada, kumbuyo kumanyamuka, ndipo kulemera kumene kunali pa matayala akumbuyo kumasamukira pa akutsogolo. Tayala limagwira msewu molingana ndi kulemera kumene kukulipsinja, choncho pa nthawi imene mukufunitsitsa kuima, matayala akutsogolo ndi amene ali ndi mphamvu yogwira phula, pamene akumbuyo apepukidwa. N'chifukwa chake pa galimoto ya mtundu uwu mabuleki akutsogolo amagwira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ntchito yonse yoimitsa, ndipo mukamaponda mwamphamvu gawo lawo limakulirakulira. Amisiri a BMW sanaike mabuleki aang'ono kumbuyo pofuna kusunga ndalama ayi. Anawachepetsa dala kuti matayala akutsogolo azikhala oyamba kumangika msewu ukaterera.

Mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna muigwiritsitse kuposa zonse zimene ndinene. Tayala likamangika n'kuyamba kutsetsereka silithanso kukana kupita cham'mbali. Akamangika akutsogolo, galimoto imangopitirira molunjika, chiwongolero chimasiya kumvera kwa kanthawi, koma mukangopepuza phazi pang'ono zonse zimabwerera m'malo. Akamangika akumbuyo, palibenso chimene chikugwira mchira wa galimoto, ndipo mchirawo umapatuka n'kufuna kupitirira mphuno. Anyamata a kabaza a pa Kamuzu Road amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa njinga ukaimanga buleki yakumbuyo yokha pa mchenga, tayala limathawira kumbali wokwera n'kutsala pang'ono kugwa. Pa njinga munthu amaponda pansi n'kudzichirikiza, koma pa galimoto yothamanga makilomita 90 pa ola palibe phazi loponda pansi.

Ndinazionapo ndi maso anga m'nyengo ya mvula zaka zingapo zapitazo. Anandibweretsera pa lole Golf yakale imene inatembenuka pa msewu wa M5 pakati pa Kaphatenga ndi Nkhotakota pamene mwini wake ankapewa mbuzi. Mwamwayi anatuluka wamoyo, atangovulala paphewa. Nditakwawira pansi pa galimotoyo ndinapeza makalipa aakulu kumbuyo, omangidwa pa mabulaketi owotcherera pamanja, ndipo valavu yochepetsa mphamvu yopita kumbuyo inali itachotsedwa, m'malo mwake atalumikiza paipi yachindunji. Matayala onse awiri akumbuyo anali ndi chigamba chophwatalala, chachikulu ngati chikhatho, pomwe anakwechesa phula, koma akutsogolo analibe chipsera ngakhale chimodzi. Mwini wakeyo anandiuza kuti kwa miyezi itatu ankasangalala chifukwa buleki inkamveka yolusa akamayenda m'tauni. Pa liwiro lochepa ndi pa msewu wouma vutolo silionekera, limadikira tsiku la mvula.

Tsopano tiike manambala, kuti muone kuti sindikungokuopsezani. Pa 325i kalipa yakutsogolo ili ndi pisitoni imodzi ya mamilimita 48, ndipo yakumbuyo ili ndi pisitoni imodzi ya mamilimita 33. Mphamvu imene kalipa imafinyira disiki imadalira kukula kwa nkhope ya pisitoni, ndipo tikawerengera, nkhope ya yakutsogolo ndi masikweya milimita pafupifupi 1,810 pamene yakumbuyo ndi 855, kusafika ndi theka lomwe. Tiyerekeze kuti kalipa ya pa Facebook ija ili ndi mapisitoni anayi a mamilimita 38. Pa kalipa yotere timawerengera awiri a mbali imodzi, ndipo amatipatsa pafupifupi 2,270, kutanthauza kuti kumbuyo kukhala kukufinya koposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi mmene fakitale inakonzera, mpaka kupitirira kutsogolo komwe. Onjezanipo kukula kwa disiki, komwe kumapatsa mapadi mpata wogwira kutali ndi pakati monga mmene sipanala yaitali imamasulira nati mosavuta, ndiye mwapanga galimoto imene izimanga matayala akumbuyo poyamba nthawi zonse. Pamwamba pa izi, mapisitoni aakulu amamwa mafuta ambiri, choncho pedulo izitsika kwambiri isanayambe kugwira, ndipo mwina mudzafunikanso malimu atsopano chifukwa a mainchesi 14 sadzakwana. Walira mvula walira matope, ndipo matope a makalipa amenewa ndi ochuluka kuposa phindu lake.

Nanga kufewa ndi fungo zija zikuchokera kuti? Buleki ndi chida chosandutsa liwiro kukhala kutentha. Galimoto ya makilogalamu 1,200 yothamanga makilomita 100 pa ola, kuti iime, mabuleki ayenera kumeza kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira okwana lita imodzi ndi theka, ndipo amakumeza m'masekondi ochepa chabe. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Apa injini yanu ya M20 ya malita 2.5, yomwe imatulutsa mphamvu za akavalo pafupifupi 170, yasintha zinthu, chifukwa galimoto ikufika pa ngodya iliyonse ndi liwiro limene mabuleki a 318i sanakonzedwere, komanso injini ya masilinda 6 ndi yolemera kuposa ya 4 imene inachotsedwa. Ndiye pali phiri. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Salima ali pafupifupi pa mamita 500. Kutsitsa galimoto yomweyo mamita 500, zikanakhala kuti mabuleki okha ndiwo akuigwira, kukanafanana ndi kuima mwadzidzidzi kuchokera pa 100 maulendo oposa khumi motsatizana. Mphepo ndi injini zimathandizako, koma mukamatsika mu giya yachisanu phazi lili pa buleki, gawo lalikulu limathera m'madisiki akutsogolo, ndipo mu October mpweya wa kuchigwa kuno suziziritsa chilichonse msanga.

Kutenthaku kumafooketsa mabuleki m'njira ziwiri zosiyana, ndipo mwa kufotokoza kwanu zonse ziwiri zikukuchitikirani. Mapadi akapsa kupitirira muyeso wake, utomoni umene umamata zosakaniza zake umayamba kutentha n'kutulutsa fungo lija, pedulo imakhala yolimba koma galimoto siima. Mafuta a mabuleki akawira m'kalipa, amatulutsa nthunzi, ndipo popeza nthunzi imafinyika pomwe mafuta safinyika, pedulo imamira ngati mwaponda siponji. Kufewa kumene mukunena ndi kumeneku, ndipo ndi koopsa kwambiri pa ziwirizi chifukwa pedulo ikhoza kufika pansi osagwira kanthu.

Choncho ntchito yoyamba, yotsika mtengo kuposa zonse, ndi kusintha mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya kudzera m'mapaipi a labala ndi pa chivundikiro cha kathanki, ndipo ife okhala m'mbali mwa nyanja tili ndi chinyezi chambiri kuposa anzathu a kumtunda. Mafuta a DOT 4 atsopano sawira mpaka atafika madigiri 230, koma akamwa madzi ochepa chabe, osafika ndi magawo 4 pa 100, akhoza kuwira pa madigiri 155. A DOT 3 amayambira pa 205 n'kutsikira pa 140, pamene a DOT 5.1 amayambira pa 260 n'kutsikira pa 180. Gulani DOT 4 yabwino kapena DOT 5.1, m'botolo lomata limene mwatsegula nokha, osati yopungulidwa m'kabotolo ka pamsika. Chenjerani kuti musasokoneze DOT 5.1 ndi DOT 5, chifukwa yachiwiriyi ndi ya silikoni ndipo sisakanikirana ndi enawa. Tsegulani kathanki lero lomwe muone: mafuta abwino amaoneka ngati mafuta ophikira atsopano, koma akafika pofanana ndi tiyi wopanda mkaka ndiye kuti anatha kalekale. Kuyambira pano muziwasintha zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto yayenda kaya yangokhala.

Ntchito yachiwiri ili kutsogolo. Chotsani tayala limodzi muyang'ane disiki cham'mbali. Ma 318i ambiri anatuluka ndi disiki ya chitsulo chimodzi chopyapyala, chochindikala mamilimita 12, pamene 325i ili ndi disiki ya mamilimita 260 m'mimba mwake ndi 22 kuchindikala, yokhala ndi timipata pakati todutsa mphepo. Ngati yanu ndi yopyapyala ija, mwapeza mwini mlandu. Disiki ya timipata ili ndi chitsulo chambiri chosungira kutentha ndipo imadzipemerera yokha ikamazungulira, koma singalowe m'kalipa ya disiki yopyapyala, choncho mugule madisiki pamodzi ndi makalipa ndi zogwirira zake za 325i. Ndalama iliyonse imene munakonzera katundu wa ku Johannesburg ikagwira ntchito yaikulu kwambiri ikapita apa.

Pali kanthu kenanso kamene amakaniko ambiri osazolowera galimotoyi amakaphonya. Pa E30 ya chiwongolero cha kumanja, monga zathu kuno, busita (chida chowonjezera mphamvu ya phazi pa pedulo) ndi master cylinder (pampu yokankha mafuta a mabuleki) zinatsalira kumanzere, ndipo pedulo imazifikira kudzera pa ndodo yachitsulo yopingasa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Malo olumikizira ndodoyi akadyeka pedulo imayenda kamtunda isanakankhe kanthu, ndipo munthu amaganiza kuti muli mpweya m'mapaipi, n'kutaya mafuta botolo ndi botolo pachabe. Wina aponde pedulo pang'onopang'ono inu mukuyang'ana ndodoyo, muone ngati pali pamene pakugwedera.

Izi zikatheka, tibwere kumbuyo, kumene kuli funso lanu. Ndisanyoze diramu, chifukwa diramu yosamalidwa bwino imaimitsa galimoto mokwanira ndipo handibuleki yake ndi yamphamvu. Chofooka chake n'chakuti ndi mphika wotsekeka: kutentha sikutuluka msanga, ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi mashu, ndipo madzi ndi mchenga zikalowa zimachedwa kutuluka. Kwa munthu amene amapita ku Senga Bay kumapeto kwa sabata kapena kuoloka zithaphwi za mu February, mfundo yomalizayi si yaing'ono. Disiki imadzipukuta yokha, imagwira mofanana kumanja ndi kumanzere, ndipo mapadi mumawaona ndi maso osamasula chilichonse. Musayembekezere kuti galimoto iziima pafupi kwambiri pa kuponda koyamba. Chimene mupindule ndi buleki imene imagwira chimodzimodzi pa ngodya yakhumi monga inagwirira pa yoyamba.

Njira yoyenera ndi kupeza 325i yakufa n'kuchotsamo zonse za kumbuyo pamodzi. Magalimotowa ankapangidwanso ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, choncho zipangizo zake zimapezeka m'chigawo chino cha Africa, ndipo ku Lilongwe mukafunsafunsa moleza mtima kwa ogulitsa zipangizo zakale cha ku Biwi kapena ku Malangalanga mukhoza kulondoleredwa. Chachikulu pa zonse ndi mikono iwiri yogwira matayala akumbuyo, imene amakaniko amaitcha trailing arm, chifukwa ya galimoto ya madisiki ndi imene ili ndi makutu omangapo kalipa. Musalole munthu kukuwotchererani makutu pa mikono ya diramu, ngakhale akhale mmisiri wa dzanja labwino chotani, chifukwa makutu amenewo ndi amene amasenza mphamvu yonse ya buleki, ndipo akapendekera pang'ono chabe mapadi amadyeka mopendekera moyo wawo wonse. Pamodzi ndi mikonoyo mutenge mahabu, mbale zotchinga kumbuyo kwa disiki, makalipa ndi zogwirira zake, timashu ta handibuleki ndi masipuling'i ake, zingwe za handibuleki, ndi mapaipi achitsulo oyenda pa mikonoyo. Disiki yakumbuyo ya 325i ndi ya mamilimita 258, yochindikala mamilimita 10 ikakhala yatsopano, ndipo malire a kudyeka kwake analembedwa pa chitsulo chomwecho. Ine ndimalangiza kugula madisiki atsopano, chifukwa akale nthawi zambiri amakhala atafika kale pa malirewo.

Pogula makalipa akale musathamange. Tengani kalipayo m'manja, mufunyulule labala wotchinga fumbi muone pisitoni. Iyenera kunyezimira ngati supuni yatsopano. Ikakhala ndi timaenje ta dzimbiri, ngakhale tating'ono ngati mutu wa singano, idzang'amba labala watsopano m'miyezi yochepa. Yesani kumasula kanati kotulutsira mpweya musanapereke ndalama, chifukwa kakathyokera m'kati mwagula chitsulo chongotsekera chitseko. Kenako gulani malabala atsopano a m'kati ndipo mutsuke zonse ndi mafuta a mabuleki okhaokha. Petulo, dizilo kapena girisi wamba zimatupitsa labala wa mabuleki, ndipo ndaonapo makalipa abwinobwino atawonongeka chifukwa mnyamata wa pagalaja anawaviika m'beseni la dizilo kuti aoneke oyera. Popeza mikono ili pansi, sinthiranitu maberingi ndi mabushi ake. Beringi ya kumbuyo ya E30 imalowa ndi pulesi, ndipo imawonongeka nthawi iliyonse imene habu yazulidwa, choncho yakale siibwezedwanso. Hamala isayandikire pamenepo. Mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itaima pa matayala ake, apo ayi labala amakhala wopotoka ndipo sakhalitsa.

Mapaipi a labala pa 325i alipo 6: awiri kutsogolo ndi anayi kumbuyo. Awiri mwa akumbuyowo anabisika pamwamba, pakati pa thupi la galimoto ndi chitsulo chonyamula difu, ndipo chifukwa chovuta kuwafikira, pa magalimoto ambiri amakhala omwe aja a ku fakitale, a zaka zoposa 30. Paipi yokalamba imatupa mukaponda buleki, kapena imafufuma m'kati n'kukana kubweza mafuta, buleki n'kumangogwirabe mutachotsa phazi. Nthawi yowasintha ndi inoyi pamene malo ali poyera. Okulungidwa ndi waya wachitsulo amalimbitsako pedulo pang'ono, koma a labala atsopano a kampani yodziwika ndi okwanira. Pomasula manati a mapaipi gwiritsani sipanala yake yeniyeni yokumbatira nati mbali zonse, chifukwa sipanala wamba imangoisalaza.

Pa valavu ndikupemphani mutchere khutu. Pa paipi yopita kumbuyo pali valavu imene imalola mafuta kudutsa momasuka mukaponda pang'ono, koma mukaponda mwamphamvu imachepetsa mphamvu yofika kumbuyo kuti matayala aja, omwe tanena kuti apepukidwa, asamangike. Diramu ndi disiki sizifuna mphamvu yofanana, chifukwa shu ya diramu imakokedwa ndi kuzungulira kwa diramuyo n'kudzithandiza kufinya, pamene padi ya disiki imadalira mafuta okha. Choncho tengani valavu ya 325i yomwe mwachotsako mikono, ndipo yerekezani nambala ya master cylinder yanu ndi ya galimotoyo, ngati zikusiyana mutengenso imeneyo kapena mugule yatsopano yake. Alipo mavalavu ochita kupotokola ndi dzanja, amene othamangitsa magalimoto m'mabwalo amagwiritsa ntchito, koma pa galimoto ya pamsewu sindiwakonda, chifukwa munthu amaikonza pa phula louma n'kuiwala kuti mawa kugwa mvula. Chimene simuyenera kuchita ngakhale pang'ono ndi kuchotsa valavu n'kulumikiza paipi yachindunji, monga anachitira pa Golf ija.

Handibuleki ya 325i sigwira pa kalipa. M'kati mwa chipewa cha disiki muli kadiramu kakang'ono kokhala ndi timashu take, ndipo timakonzedwa polowetsa sikuludiraiva pa bowo la bawuti ya tayala n'kuzungulitsa kagudumu ka mano kali m'katimo mpaka disiki itagwira, kenako n'kubweza pang'ono kuti izizungulira momasuka. Mukamaliza mbali zonse ziwiri m'pamene mumakoka zingwe pa chogwirira m'kati mwa galimoto. Ambiri amayambira pa zingwe, ndipo zotsatira zake ndi handibuleki yokwera mpaka kudenga koma yosagwira pa chitunda. Apanso makalipa a mapisitoni anayi aja akanakuvutitsani, chifukwa ambiri otere alibe njira ya handibuleki, ndipo galimoto yopanda handibuleki yogwira singapeze COF.

Za mapadi ndinene mwachidule. Gulani a makampani odziwika monga ATE, Textar, Pagid kapena Ferodo, ndipo yang'anani chizindikiro cha ECE R90 pa bokosi ndi pa chitsulo cha padi, chomwe chimasonyeza kuti kagwiridwe kake sikasiyana ndi ka fakitale kupitirira magawo 15 pa 100. Achinyengo alipo ambiri, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndiwo umawaulula. Mtundu wa mapadi ukhale umodzi kutsogolo ndi kumbuyo; ngati mukufuna olusirapo, aikeni kutsogolo. Mapadi a mpikisano asiyeni, chifukwa amafuna kutentha kaye asanayambe kugwira, ndipo mwana wa sukulu wodumpha msewu m'mawa pa Salima boma sadikira kuti atenthe. Madisiki obowolabowola amakongola kuseri kwa limu, koma amayamba ming'alu m'mphepete mwa mabowo ndipo m'misewu yathu mabowowo amadzaza dothi.

Zonse zikamangidwa, tulutsani mpweya m'mapaipi kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder. Popeza yanu ili kumanzere, yambani kumbuyo kumanja, kenako kumbuyo kumanzere, kutsogolo kumanja, n'kumalizira kutsogolo kumanzere, osalola kathanki kuuma. Onetsetsani kuti kanati kotulutsira mpweya kali pamwamba pa kalipa iliyonse, chifukwa makalipa akasinthanitsidwa, yakumanja kupita kumanzere, kanatiko kamakhala pansi ndipo mpweya sutuluka ngakhale mutapopa tsiku lonse. Wopopa asamafikitse pedulo pansi penipeni pa master cylinder yakale, chifukwa labala amakadutsa pamalo a dzimbiri pomwe safikapo masiku onse n'kung'ambika. Ikani kathabwa pansi pa pedulo. Mukamaliza kutulutsa mpweya n'kuchotsa kathabwako, pezani msewu wowongoka wopanda anthu, njinga ndi ziweto, muchepetse liwiro kuchokera pa 80 kufika pa 20 maulendo 8 kapena 10 mosaponda mopitirira, osaima chiimire, kenako muyende mphindi zingapo osagwira buleki kuti zizizire. Izi zimapaka kansalu kopyapyala ka padi pa disiki ndipo zimathandiza kuti buleki isamanjenjemere m'tsogolo.

Mayeso omaliza ndi amene amaweruza ntchito yonse, ndipo musawadumphe. Pitani pa bwalo lafumbi lotakasuka, mnzanu aime chapatali kumbali, inu muyende makilomita 30 kapena 40 pa ola n'kuponda buleki mowonjezera pang'onopang'ono mpaka matayala atamangika. Mnzanuyo aone amene ayamba kuima kuzungulira. Ayenera kukhala akutsogolo, onse awiri pamodzi, ndipo galimoto iyenera kutsetsereka molunjika. Bwerezani muli nokha m'galimoto, thanki ili ndi petulo wochepa ndipo buti ili yopanda katundu, chifukwa m'pamene kumbuyo kumapepuka kwambiri. Akayamba akumbuyo, kapena mchira ukapatuka, galimotoyo isalowe mumsewu mpaka chifukwa chake chitapezeka. Ngati E30 yanu ilibe ABS, chida choletsa matayala kumangika, monga zambiri za nthawi imeneyo, palibe kompyuta imene idzakukonzereni cholakwikacho.

Ndisaiwale matayala ndi mashoko, chifukwa chimene chimagwira msewu ndi labala, osati chitsulo. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2318 ndi sabata ya 23 ya 2018, ndipo matayala ambiri ogulidwa akale amakhala ndi mapanga ooneka bwino koma labala wake atauma chifukwa cha zaka ndi dzuwa. Matayala awiri abwino kwambiri akhale kumbuyo, pa chifukwa chomwe chija chakuti mchira usathawe. Mashoko akumbuyo akatha tayala limadumphadumpha pa msewu wa mabampu, ndipo tayala limene lili m'malere limamangika ndi buleki yochepa chabe.

Mukamaliza, dziwitsani kampani ya inshuwalansi za kusintha kwa injini ndi mabuleki, ndipo muonetsetse kuti nambala ya injini yatsopanoyo ndi imene ili m'mabuku a ku Road Traffic, kuti tsiku la ngozi kapena la COF pasadzakhale mkangano. Ndipo ulendo woyamba wochokera ku Lilongwe, mukafika pa Mvera, tsitsani giya ifike yachitatu injini ikugwireni, buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa musanalowe pa ngodya n'kuisiya kuti ipume, m'malo moigoneka phazi njira yonse. Mukafika pansi imani pamalo abwino, muyandikize dzanja pafupi ndi limu lililonse osakhudza disiki. Akutsogolo ayenera kutentha kuposa akumbuyo, ndipo lakumanja lifanane ndi lakumanzere. Limodzi likatentha lokha kuposa linzake, kalipa ya mbali imeneyo ikugwira, ndipo ibwerere pa jeke tsiku lomwelo.